Mmene mungafufuzire mbiri ya tauni ya m'mphepete mwa mzinda ndi kudziwa amene amaiyendetsa: chitsanzo cha Limbe

Tauni imene yamera m'mphepete mwa mzinda waukulu imakhala ndi tsoka lakuti mbiri yake imamizidwa ndi ya mzindawo, mpaka anthu obadwira momwemo amafika poiona ngati malo okwererapo minibasi ndi kupikulako katundu basi. Limbe ndi chitsanzo chabwino cha zimenezi. Mabuku a kusukulu amanena zambiri za Blantyre, za mishoni ya Church of Scotland imene inakhazikitsidwa mu 1876 ndiponso za nyumba ya Mandala, koma Limbe imangotchulidwa modutsa, chonsecho kwa zaka zoposa 40 inali tauni payokha, yokhala ndi khonsolo yake, malamulo ake ndi thumba lake la misonkho. Malangizo otsatirawa ndi a mphunzitsi, wophunzira, mtolankhani kapena nzika iliyonse imene ikufuna kulemba mbiri ya tauni yotere ndi kumvetsa ulamuliro wake. Ntchito ziwirizi sizisiyana kwenikweni, chifukwa mafunso ake ndi amodzi: malo anali a yani, ndalama zinkachokera kwa yani, ndipo ankagamula ndani. Mukawafunsa ponena za 1920 mumapeza mbiri, mukawafunsa ponena za chaka chino mumapeza khomo loyenera kugogoda.

Yambani ndi malire

Musanatsegule buku lililonse, tengani pepala ndi kulemba chimene mukutanthauza mukamati Limbe. Kondakitala wa minibasi akamaitanira Limbe amanena za depoti ndi msika. Wa positi ofesi amawerengera onse amene adiresi yawo imathera ndi dzinalo, ngakhale ali ku Chigumula kapena ku Bangwe. Apolisi a Limbe ali ndi dera lawo, tchalitchi chili ndi parishi yake, ndipo bungwe loyendetsa zisankho la MEC lili ndi mawodi ndi madera a aphungu amene malire ake amasinthidwa pakapita zaka. Malire onsewa sagwirizana, ndipo wofufuza amene sanasankhe amodzi amasokoneza ziwerengero, n'kumayerekeza anthu a tauni yakale ya atsamunda ndi anthu a dera lonse la kum'mawa kwa mzinda lero.

Njira yabwino ndi kujambula mizere iwiri pa mapu. Mzere woyamba uzungulire tauni yeniyeni, kumene kuli siteshoni ya sitima, mafakitale, masitolo ndi msika. Mzere wachiwiri uzungulire malo amene anthu ogwira ntchito m'tauniyo amagona, monga Bangwe, Namiyango, Chiwembe, Misesa, Kanjedza, Mpingwe ndi Kachere. Mbiri yambiri ya anthu akuda ili pakati pa mizere iwiriyi, chifukwa m'nthawi ya atsamunda antchito ambiri sankakhala m'tauni, ankabwera m'mawa wapansi kuchokera m'midzi yozungulira n'kubwerera madzulo. Mukamafunafuna pa intaneti muzionjezera dzina la Malawi kapena Nyasaland, poti ku Cameroon kulinso mzinda wa Limbe, umene kale unkatchedwa Victoria, ndipo zithunzi zake za nyanja yamchere zasocheretsapo ophunzira.

Pezani chimene chinabala tauniyo

Tauni iliyonse ili ndi chinthu chimene chinaikoka kuti ikhale pamene ilipo, kaya ndi mishoni, boma, mgodi, doko kapena mphambano ya misewu. Blantyre inayamba ndi mishoni ndi malonda a kampani ya African Lakes, ndipo inakhala tauni mu 1895. Limbe inabadwa ndi njanji ndi fodya. Njanji ya Shire Highlands Railway, yochokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908 podzera ku Limbe, ndipo chaka chomwecho kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yake yokonzera fodya pafupi ndi njanjiyo. Mu 1909 Limbe inakhala tauni. Likulu la kampani ya sitima ndi mashedi okonzera mainjini anakhala ku Limbe, osati ku Blantyre, ndipo ndi chifukwa chake tauniyi inakhala ya amakanika, onyamula katundu, osankha fodya ndi amalonda, pomwe Blantyre inali ya amishoni, mabanki ndi maofesi.

Mukadziwa chimene chinabala tauni, tsatirani chinthucho m'zaka zonse, chifukwa kukwera ndi kutsika kwake ndiko kukwera ndi kutsika kwa tauniyo. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi unatsegulidwa, moti katundu ankachoka ku Limbe mpaka ku doko la Beira osatsitsidwa kuti awoloke pa bwato, ndipo njanji inatalikitsidwanso kumpoto mpaka ku Salima. Mu 1938 malonda a fodya a pa okushoni anayamba ku Limbe, ndipo kuyambira pamenepo nyengo ya fodya inkadzaza tauni ndi alimi, malole ndi ndalama. Mu 1970 njanji yopita ku Nacala inatsegulidwa. Nkhondo ya ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, njira zonse ziwiri za kunyanja zinatsekeka, ndipo ntchito za sitima zinafooka kwambiri. Mu 1999 kampani ya boma ya Malawi Railways inaperekedwa m'manja mwa Central East African Railways. Zaka zimenezi zikhale mizati ya nkhani yanu, ndipo pa mzati uliwonse muzifunsa kuti anthu wamba zinawakhudza bwanji: ndani analembedwa ntchito, ndani anachotsedwa, ndi nyumba ziti zimene zinamangidwa kapena kugulitsidwa.

Nkhani ya malo musailumphe. Dziko litakhala m'manja mwa Britain mu 1891, Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda, anayamba kupereka kwa azungu zikalata zotchedwa Certificate of Claim, zovomereza kuti malo amene ankati anagula kwa mafumu ndi awodi. Malo aakulu a m'mapiri a Shire anapita kwa anthu ochepa ndi makampani ochepa. Mmodzi wa iwo anali Eugene Sharrer, amene minda yake inadzakhala ya British Central Africa Company, ndipo dzina la kampaniyi lidakalipo m'dzina la BCA Hill. Anthu amene ankakhala m'malo amenewa, pamodzi ndi Alomwe ambiri ochokera ku Mozambique, anagwira thangata kuti asathamangitsidwe. Munthu amene wamvetsa zimenezi sadabwa kuona kuti malo ena a ku Limbe ali ndi mapoloti aakulu ndi misewu yoongoka, pomwe kungodumpha msewu nyumba zili zothithikana mopanda njira ya galimoto yozimitsa moto.

Yendani wapansi

Tsiku limodzi loyenda wapansi, makamaka Lamlungu m'mawa misewu ili pululu, limaphunzitsa zimene mapepala sanena. Yang'anani pamwamba pa masitolo akale, poti eni ake ena ankalemba chaka chomangira ndi dzina la banja pa khoma lakutsogolo. Masitolo a Amwenye okhala ndi makhonde aatali ndi nyumba zogona kuseri kapena pamwamba akusonyeza mmene malonda ankayendera, ndipo kuchuluka kwake kukugwirizananso ndi lamulo la boma la Kamuzu Banda la m'zaka za m'ma 1970, limene linachotsa amalonda achimwenye m'midzi n'kuwauza kuti azichita malonda m'mizinda yokha. Onani kumene kuli mizikiti, kachisi wa Ahindu, Limbe Cathedral ya Akatolika, Shire Highlands Hotel, Limbe Country Club ndi manda a mitundu yosiyanasiyana, ndipo muike chilichonse pa mapu anu. Mudzaona nokha kuti tauniyi inagawidwa potsata khungu, ndi kuti mizere yakaleyo sinafafanizike yonse.

Mayina a misewu muwalembe ndi kufufuza chaka chimene anaperekedwa. Churchill Road ndi Livingstone Avenue ndi a nthawi ya atsamunda, Tsiranana Road ikukumbutsa mtsogoleri woyamba wa Madagascar ndi ubale wa maiko ongolandira kumene ufulu, ndipo msewu waukulu wolumikiza Limbe ndi Blantyre unali Kamuzu Highway usanakhale Masauko Chipembere Highway. Kusintha dzina la msewu kumadutsa m'manja mwa olamulira, choncho kumasiya mapepala amene mungawapeze.

Kumene mapepala ali

Nkhokwe yaikulu ndi National Archives of Malawi ku Zomba. Pitani ndi chiphaso chanu cha unzika, kalata yofotokoza chimene mukufufuza, ndi ndalama za chilolezo ndi zojambulitsira mapepala, ndipo ndi bwino kufunsiratu mitengo ndi malamulo a kujambula ndi foni musananyamuke. Dziwani kuti mu 1919 moto unatentha maofesi akuluakulu a boma ku Zomba ndi kuwononga mafayilo ambiri, kotero kuti zaka khumi zoyambirira za Limbe muyenera kuzitolera m'malo ena: mu gazeti ya boma, m'nyuzipepala ya Nyasaland Times imene lero ndi Daily Times, m'makalata a amishoni ndi m'malipoti a makampani. Gazeti ndi yotopetsa kuwerenga koma siinama pa madeti, chifukwa malire a tauni, malamulo a khonsolo, mitengo ya ziphaso ndi mayina a osankhidwa zonse zinkalengezedwa mmenemo.

Pa mapepala onse a khonsolo, awiri ndi amtengo wapatali. Oyamba ndi maminitsi a misonkhano. Musawerenge zogamulidwa zokha, werenganinso mndandanda wa amene analipo ndi ntchito zawo, chifukwa khonsolo za nthawi imeneyo zinkasankhidwa ndi eni malo olipira msonkho, amene poyamba anali azungu, ndipo mameneja a makampani aakulu ankakhala ndi mawu olemera. Anthu akuda, amene anali ochuluka koposa, amaoneka m'maminitsi ngati vuto loti lithetsedwe: ofulula mowa, ogulitsa malonda m'misewu, oyenda usiku, omanga zisakasa. Ntchito yanu ndi kuwerenga mawu amenewo chotembenuza. Pamene khonsolo ikudandaula za amayi ofulula mowa, inu mwapeza umboni wakuti amayi analipo m'tauni ndipo ankadzipezera ndalama, ngakhale kalembera wa antchito sankawawerenga. Achiwiri ndi kaundula wa mitengo ya nyumba ndi malo, amene khonsolo imagwiritsa ntchito powerengera msonkho. Kaundula ameneyu amatchula poloti iliyonse, mwini wake ndi mtengo wake, ndipo mukaika wa zaka zosiyana pambali ndi pambali mumaona mmene chuma chinasinthira manja.

Ku Blantyre komweko, laibulale ya Society of Malawi ku nyumba ya Mandala ili ndi mabuku, zithunzi zakale ndi magazini a bungweli, amene anayamba kutuluka mu 1948 pansi pa dzina la Nyasaland Journal. Nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri ili ndi zida za mayendedwe akale, kuphatikizapo injini za sitima. Dipatimenti ya Surveys imasunga mapu ndi zithunzi zojambulidwa m'ndege, zimene zimasonyeza bwino chaka chimene munda unasanduka mudzi ndi chaka chimene nkhalango ya paphiri inatha. Ziwerengero za anthu zili ku National Statistical Office, ndipo kalembera wachitika mu 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018. Wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mu mzinda wa Blantyre, koma chiwerengerochi ndi cha mzinda wonse, choncho cha Limbe muyenera kuchiphatikiza nokha kuchokera m'mawodi amene agwera mkati mwa mizere yanu ija. Mabuku a ubatizo ndi maukwati a m'matchalitchi amathandiza kudziwa kumene anthu ankachokera, koma ndi a mipingo, ndipo amaonedwa ndi chilolezo cha abusa kapena ansembe.

Chaka cha 1956 chifunika mutu wakewake m'zolemba zanu. M'chaka chimenechi, dziko lili m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, khonsolo za Blantyre ndi Limbe zinaphatikizidwa kukhala imodzi, ndipo mu 1966 Blantyre inakhala mzinda. Malo a Chichiri, amene ali pakati pa matauni awiriwa, ndiwo anadzalandira likulu la khonsolo la Civic Centre, bwalo la masewero, khoti lalikulu ndi malo a chionetsero cha malonda. Fufuzani zimene makhansala a mbali zonse ziwiri ankanena asanagwirizane, makamaka pa ngongole, madzi ndi msonkho. Kuphatikizaku kunali ndi nzeru yake, poti matauni awiri oyandikana chotere sakanapitiriza kukumba mipope ndi kugula magalimoto ozimitsa moto payekhapayekha, koma kunatanthauzanso kuti msonkho wotoleredwa ku Limbe unayamba kulowa m'thumba la mzinda wonse, ndipo funso lakuti ndalama zingati zimabwerera kumene zachokera ndi loyenera kufunsidwa mpaka lero.

Kucheza ndi akuluakulu

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma wofufuza ayenera kudziwa kafunsidwe. Funani anthu amene anapuma ntchito ku njanji, ku okushoni, ku ADMARC, ku khonsolo ndi m'masitolo a Amwenye, komanso amayi amene agulitsa mumsika zaka zambiri. Pitani kudzera kwa amfumu a m'deralo kapena kwa akulu a mpingo, fotokozani cholinga chanu, ndipo pemphani chilolezo musanatsegule chojambulira mawu. Musayambe ndi funso lakuti, "Agogo, tauni ino inayamba liti?" chifukwa adzakuuzani zimene anamva pa wailesi. Funsani zimene anaona ndi maso: "Kodi mutafika kuno munagona kwa yani? Madzi munkatunga kuti? Malipiro oyamba anali angati, ndipo munagula chiyani?" Zaka muzizipeza pogwiritsa ntchito zochitika zimene aliyense amakumbuka, monga njala ya 1949, chipwirikiti cha 1959, ufulu wa 1964, kusintha kwa ndalama kuchoka ku mapaundi kupita ku kwacha mu 1971, kapena zipolowe za mu May 1992. Nkhani iliyonse yokhudza malire a malo kapena ufumu muimve kwa anthu osachepera awiri a mabanja osiyana, chifukwa pa nkhani zotere aliyense amakumbukira mokomera kwawo.

Ulamuliro wa lero

Limbe ilibe khonsolo yake, ilibe meya wake. Ili pansi pa khonsolo ya mzinda wa Blantyre, imene ndi yosiyana ndi khonsolo ya boma la Blantyre yotsogoleredwa ndi bwanamkubwa, yoyang'anira madera a kumidzi monga Lunzu ndi Lirangwe. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi n'kutaya tsiku lonse pa ofesi yolakwika. Lamulo lalikulu loyendetsera makhonsolo ndi Local Government Act la 1998, limene linabwera limodzi ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu, ndipo lakhala likusinthidwa, makamaka mu 2010. Pezani lamuloli ndi kuwerenga ndime zonena za ntchito za khonsolo ndi za ndalama zake musanakumane ndi wina aliyense.

Khonsolo ili ndi mbali ziwiri. Mbali ya ndale ndi ya makhansala osankhidwa m'mawodi, amene amasankha meya ndi wachiwiri wake pakati pawo kuti atsogolere kwa zaka ziwiri ndi theka, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo a madera a mumzinda amakhalanso m'khonsolo, ndipo kusintha kwa 2010 kunawapatsa mphamvu yovota. Mbali ya ntchito ndi ya mkulu woyendetsa khonsolo ndi madipatimenti ake a zachuma, zomangamanga, zaumoyo, mapulani a mzinda, malonda ndi zina. Makhansala amavomereza bajeti ndi malamulo a mzinda, koma amene amasaina macheke, kulemba makontirakitala ndi kutumiza galimoto yotola zinyalala ndi a mbali yachiwiriyi. Zambiri zimagamulidwa m'makomiti nkhani isanafike ku msonkhano wa khonsolo yonse, choncho dziwani komiti imene khansala wanu alimo ndi amene ali wapampando wa komiti yokhudza nkhani yanu.

Pali mpata wina m'mbiri yaposachedwa umene wolemba sayenera kuudumpha. Zisankho za makhansala zinachitika mu November 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda makhansala mpaka zisankho zapatatu za mu May 2014. Kwa zaka zisanu ndi zinayi zimenezo mizinda inkayendetsedwa ndi ogwira ntchito olembedwa ndi boma, popanda woimira anthu wovotedwa wowafunsa. Ntchito yochotsa mavenda m'misewu ya Operation Dongosolo mu 2006 inachitika m'nyengo imeneyi. Pa zisankho za 2014 ndi 2019 mzinda wa Blantyre unali ndi mawodi 23, koma malire anadulidwanso zisankho za pa 16 September 2025 zisanachitike, pamene madera a aphungu m'dziko lonse anachoka pa 193 kufika pa 229, kotero wodi yanu ndi dzina la khansala wanu muzitsimikize pa mndandanda watsopano wa MEC, osadalira zimene munkadziwa kale.

Chinthu chimene chimapulumutsa nthawi koposa ndi kudziwa kuti si zonse za m'tauni zimene zili m'manja mwa khonsolo. Misika, zinyalala, zimbudzi za onse, ngalande, misewu ya m'malokeshoni, magetsi a mumsewu, manda, ozimitsa moto, ziphaso za malonda ndi kuvomereza mapulani a nyumba ndi za khonsolo. Madzi a m'mipope ndi a Blantyre Water Board, amene amapopa ambiri mwa madziwo kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry, ndipo poti Limbe ili pamtunda kuposa Blantyre, madzi ake amakwera mtunda wautali ndi mphamvu ya magetsi. Magetsi ndi a ESCOM, misewu ikuluikulu yopita ku Zomba, Thyolo ndi Mulanje ndi ya Roads Authority, ndipo apolisi ali pansi pa boma lalikulu. Nkhani ya malo ndiyo yovuta kwambiri, chifukwa eni malo mumzinda ndi angapo: Unduna wa za Malo, Malawi Housing Corporation, khonsolo yomwe, makampani ndi anthu amene ali ndi malizi, zikalata zobwereka malo kwa zaka zambiri. Musanalembe kuti khonsolo yalephera kapena yagulitsa malo mwachinyengo, pezani nambala ya poloti ndi kufunsa ku ofesi ya kaundula wa malo kuti mwini wake ndani.

Mafumu a m'tauni ali ndi malo achilendo. Lamulo la mafumu la 1967 silipereka mphamvu kwa mafumu mkati mwa mizinda monga limachitira kumidzi, komabe ku Bangwe kapena ku Misesa maliro sayenda popanda amfumu, ndipo milandu ya malire a nyumba, kalata zotsimikizira kumene munthu amakhala ndi kugawa kwa thandizo pa nthawi ya ngozi zimadutsa kwa iwo kapena kwa atsogoleri a mabuloko. Mzinda utakula unameza midzi ya m'madera a mafumu aakulu monga Kapeni ndi Machinjiri, ndipo maufumu ena a m'midzi imeneyo ndi akale kuposa tauni yomwe, pomwe ena anangoyamba anthu atachuluka. Wolemba woona mtima amafotokoza ulamuliro uwiriwu monga ulili, wa m'malamulo ndi wa tsiku ndi tsiku, ndipo amasiyanitsa mfumu ya magazi ndi mtsogoleri wosankhidwa ndi anthu a m'dera.

Tsatirani ndalama

Khonsolo ya mzinda imadalira kwambiri ndalama zotolera yokha: msonkho wa nyumba ndi malo, ziphaso za malonda, matikiti a mumsika, zolipira poimika magalimoto ndi zolipira povomereza mapulani. Boma lalikulu limaonjezerapo ndalama za ntchito zina kudzera ku National Local Government Finance Committee, ndipo palinso thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu la CDF, limene lakhala likukanganitsa aphungu ndi makhansala. Chaka cha ndalama za boma tsopano chimayamba pa 1 April ndi kutha pa 31 March, choncho miyezi yomaliza ya chaka cha pa kalendala ndi yoyambirira ya chaka chotsatira ndiyo nthawi yofunsa za bajeti isanavomerezedwe.

Pemphani zinthu zitatu: bajeti yovomerezedwa, lipoti la mmene ndalama zinagwirira ntchito, ndi lipoti la mkulu wofufuza za ndalama za boma lonena za khonsoloyo. Poyerekeza bajeti ndi lipoti, yang'anani kusiyana kwa msonkho umene ankayembekezera ndi umene anatoleradi, chifukwa ngongole za msonkho wa nyumba ndi matenda akale a makhonsolo athu, ndipo ena mwa osalipira amakhala maofesi a boma lomwe. Yang'ananinso gawo limene limathera ku malipiro ndi misonkhano poyerekeza ndi limene limafika pa ngalande. Kaundula wa mitengo ya nyumba amayenera kukonzedwanso zaka zisanu zilizonse, ndipo akatuluka amaikidwa poyera kuti eni nyumba aone ndi kudandaula ngati mtengo waikidwa molakwika. Nyumba zambiri za m'malo osakonzedwa bwino sizili m'kaundulayu, kutanthauza kuti anthu ochuluka amalipira khonsolo kudzera m'tikiti ya mumsika yokha. Mayi wogulitsa tomato amalipira tsiku ndi tsiku, pomwe mwini nyumba yosanja angathe kukhala zaka ali ndi ngongole, ndipo wolemba amene akufuna kunena za chilungamo cha misonkho ayambire pamenepa.

Kapemphedwe ka mapepala ndi kalembedwe

Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotseguka kwa anthu, ndipo mungafunse ku Civic Centre tsiku la msonkhano wotsatira. Mukapita, khalani kumbuyo, lembani amene alankhula ndi amene angokhala chete, ndipo mudzayerekeze ndi maminitsi akadzatuluka. Pofuna mapepala, lembani kalata m'malo mongopempha pakamwa. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a boma, Access to Information Act, linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo limalamula ofesi iliyonse ya boma kukhala ndi munthu wolandira mapempho otere. Tchulani pepala lenileni ndi chaka chake, mwachitsanzo maminitsi a komiti ya zomangamanga a miyezi yakutiyakuti, chifukwa pempho lakuti "zonse zokhudza Limbe" limakanidwa mosavuta. Pangani makope awiri, adinde imodzi ndi kulembapo deti, ndipo muisunge. Mukakanizidwa popanda chifukwa chomveka, dandaulo limapita ku Malawi Human Rights Commission, imene imayang'anira lamuloli, ndipo nkhani za kusayendetsa bwino ntchito za boma zimapita kwa Ombudsman. Ulemu umatsegula makabati ambiri kuposa ukali, ndipo kalaliki amene wakhala pa ofesi zaka zambiri nthawi zina amadziwa kumene fayilo ili kuposa bwana amene wangobwera kumene.

Polemba, chiganizo chilichonse chokhala ndi chaka, dzina kapena chiwerengero chikhale ndi gwero lake m'kope lanu, ndipo zimene mwamva pakamwa muzilembe monga zonenedwa ndi munthu, osati monga zotsimikizika. Mayina a anthu wamba amene mwacheza nawo muwatchule pokhapokha atavomera, makamaka pa nkhani za malo zimene zingathe kukafika ku khoti. Mayina akale ndi atsopano a malo muwaike limodzi pamene mukuwatchula koyamba, kuti wachinyamata ndi wachikulire onse adziwe pamene mukunena. Mukamaliza, kawerengereni ena mwa akuluakulu aja zimene mwalemba kuti akonze zolakwika, kenako perekani kope imodzi ku laibulale ya sukulu ya m'deralo, ina ku khonsolo, ndi ina ku National Archives, kumene lamulo limafuna kuti chilichonse chosindikizidwa m'dziko muno chikasungidwe.